Khunkha silinali mphatso ya mwinimunda

Mwezi wa Juni ukafika, kutsogolo kwa matchalitchi ambiri kumaunjikana matumba a chimanga, malichero a mtedza, maungu, ngakhale nkhuku yomanga miyendo ikuphupha pansi pa guwa. Ndi chopereka cha masika. Vesi la tsikulo aliyense amalidziwa mlaliki asanatsegule Baibulo: Malaki 3:10, bweretsani chakhumi chonse m'nyumba yosungiramo. Ndakhala pa benchi zaka zoposa 30 ndikumva vesi limeneli, ndipo ndilibe nalo mlandu. Chondidabwitsa n'chakuti m'zaka zonsezi sindinamvepo mlaliki wa masika akuwerenga Levitiko 19:9-10, chikhalirecho ndilo lamulo lonena za tsiku lenileni lokolola, munthu ali m'munda, thukuta lili kamukamu.

Lamulolo ndi lalifupi. Ukamakolola, usamwete mpaka m'mphepete mwenimweni mwa munda. Ngala zimene zapulumuka m'manja mwa okolola usabwerere kukatola. M'munda wa mphesa usachite kupululiratu, ndipo mphesa zoyoyokera pansi uzisiye pomwepo. Zimenezo n'za wosauka ndi mlendo. Deuteronomo 24:19-22 akuwonjezera kuti ukaiwala mtolo m'munda usabwerere kukautenga, ndipo ukagwedeza mtengo wa azitona usabwerezenso kufufuza nthambi ndi nthambi. Akutchula eni ake a zotsalazo, mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye, kenako akupereka chifukwa chimodzi: kumbukira kuti iwenso unali kapolo ku Ejipito.

Pali malo achitatu pamene lamuloli likupezeka, ndipo pamenepo mpamene pamandikoka mtima. Levitiko 23 ndi kalendala ya zikondwerero, kuyambira Sabata, Paska, mpaka chikondwerero cha misasa. Wolemba atangomaliza kufotokoza nsembe za chikondwerero cha masabata, chija tinazolowera kuchitchula Pentekoste, asanafike pa tsiku la malipenga, akudula nkhani pa vesi 22 n'kubwereza za m'mphepete mwa munda. Zili ngati munthu akuwerenga ndondomeko ya mapemphero a chaka, n'kuima pakatikati kuti, paja musaiwale, mizere ya kumapeto ija si yanu. Kwa iye, zimene zikuchitika pa guwa ndi zimene zikuchitika kumunda ndi mwambo umodzi.

Tsono mverani bwino mawu amene agwiritsidwa ntchito. M'mavesi onsewa mulibe mawu akuti upatse. Muli akuti usiye. Mwinimunda sakuuzidwa kuti akolole zonse, atute, apunthe, ayeze, kenako atapeko pang'ono n'kukagawa. Akuuzidwa kuti dzanja lake lilekeze penapake. Ndipo ine ndikuti kusiyana kwa kupatsa ndi kusiya ndiko nkhani yonse, ndipo ndiko kumene tinataya.

Makolo anati kupatsa n'kuika. Ndi mwambi wabwino, koma uli ndi mbedza mkati: amene wapatsa waika, ndiye kuti tsiku lina adzafuna kutenga. Wolandira amadziwa zimenezi. N'chifukwa chake amalandira ndi manja awiri, atagwada, n'kuthokoza lero, kuthokozanso mawa pokumana panjira, ndipo pa mlandu wa kwa amfumu sangayerekeze kuikira umboni wotsutsa munthu amene anamupatsa ndowa ya chimanga mu Febuluwale. Khunkha lilibe mbedza imeneyi. Wokunkha salandira m'manja mwa munthu. Amawerama yekha, kutola yekha, kupuntha yekha, ndipo chimene wasenza popita kwawo n'chake monga mmene zilili zokolola za mwinimunda. Maziko ake ali pa Levitiko 25:23, pamene Mulungu akuuza Aisraeli kuti dzikolo ndi lake, iwo ndi alendo ogonera chabe. Mlendo wogonera sangadzitame kuti wapatsa mnzake mphasa ya mwininyumba.

Nkhani ya Rute ndiyo imatiwonetsa lamuloli likuyenda ndi miyendo. Tsoka lake, m'masemina a achinyamata nkhaniyi tinaisandutsa ya chibwenzi: atsikana, dikirani Boazi wanu. Koma werengani chaputala 2 ndi maso a munthu amene anagonapo ndi njala. Akazi awiri amasiye, Naomi ndi mpongozi wake Rute, afika ku Betelehemu kuchokera ku Moabu, alibe mwamuna, alibe mwana, alibe mbewu m'nthaka, ndipo afika anthu akuyamba kumweta barele. Rute ndi mkazi wamasiye, ndi wosauka, ndiponso ndi mlendo, mlendo wake wa mtundu umene Deuteronomo 23:3 akuti usalowe mu msonkhano wa Yehova. Lamulo la khunkha likumutchula katatu konse. Komabe ponyamuka m'mawa akuuza apongozi ake kuti akakunkha kumbuyo kwa aliyense amene angamukomere mtima, ndipo atafika kumunda akuyamba wapempha kwa kapitawo. Munthu amene ali ndi ufulu weniweni sayankhula choncho. Zimenezi zinachitika m'masiku a oweruza, pamene aliyense ankachita zomukomera, ndipo zikuoneka kuti lamulo linalipo koma si minda yonse imene inkalimvera.

Umboni wake ndi malangizo a Boazi, mwini munda umene Rute analowamo. Akuchita kulamula anyamata ake kuti asamukhudze mkaziyo. Akuwauzanso kuti asamuchititse manyazi, asamukalipire. Madzulo Naomi akuuza mpongozi wake kuti akakamire m'munda womwewo, kuopa kuti m'munda wina angamuchite chipongwe. Mayi wachikulire wa ku Betelehemu komweko ankadziwa zimene zimachitikira mkazi wosauka akakhala yekha pakati pa anyamata okolola. Amayi a kwathu kuno amene anapitako ku ganyu nthawi ya njala sangafune womasulira pa vesi limeneli.

Chimene Boazi anachita masana a tsikulo n'chofunika kuchiyang'anitsitsa. Anali ndi nkhokwe. Akanatha kuitana Rute, kumuyezera thumba, kumuuza kuti pita mwana wanga, usavutike ndi dzuwa. Sanatero. Anauza okolola kuti azisolola dala ngala m'mitolo n'kumazigwetsa, kuti mkaziyo azitole ngati zagwa zokha. Anabisa mphatso yake mkati mwa ufulu wa Rute. Mkaziyo anakunkha mpaka madzulo, anapuntha, ndipo anapeza barele wokwana pafupifupi efa imodzi. Akatswiri amati efa inali malita 22 kapena kuyandikira pamenepo, ndiye kuti ndowa yathu ya pamsika yodzaza ndi kamulu pamwamba. Kwa akazi awiri, chimenecho ndi chakudya cha masiku angapo kuchokera m'ntchito ya tsiku limodzi. Anapitiriza mpaka kutha kwa barele ndi tirigu yemwe. Inde, pa chaputala 3 Boazi akumuyezera miyeso 6 ya barele m'chofunda chake, koma apo nkhani inali itasanduka ya chibale ndi ukwati. Pamene Rute anali mlendo wosauka chabe, Boazi anasamala kuti mkaziyo alowe m'mudzi atasenza thukuta lake.

Ayuda amawerenga buku la Rute pa chikondwerero cha masabata chomwe chija, ndipo aphunzitsi awo akale sanalisiye lamulo la khunkha m'malere. Mu Mishna, buku la malamulo awo limene linasonkhanitsidwa cha m'ma 200 AD, muli gawo lathunthu lotchedwa Peah, kutanthauza ngodya ya munda. Mukaliwerenga mumaona kuti olembawo ankawadziwa bwino alimi, ndiponso ankawadziwa bwino anthu anjala. Levitiko sanatchule kukula kwa m'mphepete, ndiye mlimi wochenjera akanatha kusiya mapesi atatu n'kunena kuti wamvera. Iwo anati chosiyidwacho chisachepere gawo limodzi mwa magawo 60, ndipo chikule malinga ndi kukula kwa munda, kuchuluka kwa osauka ndi mmene zachitira zokolola. Pa matumba 60, thumba limodzi. Anati ngala ziwiri zikagwa pamodzi ndi khunkha, koma zikagwa zitatu n'za mwinimunda. Analetsa osauka kulowa ndi mazenga kapena makasu, kuti polimbirana asatemane. Anaika nthawi zitatu pa tsiku zolowera m'munda, m'mawa, masana ndi chakumadzulo, ndipo ofotokozera a pambuyo pake anati m'mawa ndi wa amayi oyamwitsa, masana ndi a ana, madzulo ndi a nkhalamba zimene zimayenda pang'onopang'ono. Anthu ena onse ankaloledwa kutola zotsala pokhapokha omalizira aja, oyenda ndi ndodo, atadutsa.

Koma chigamulo chimene chimaluma kwambiri ndi ichi: mwinimunda amene akuletsa osauka kukunkha, kapena kulola mmodzi n'kukaniza wina, kapenanso kuthandiza mmodzi wa iwo kutola, ameneyo akubera osauka. Mawu ake ndi omwewo, kuba. Ngakhale kuthandiza kumene ndi mlandu, chifukwa ukayamba kusankha wosauka wako, wabweza khunkha m'manja mwako n'kulisandutsanso mphatso. N'chifukwa chakenso anati ngodyayo izisiyidwa pomaliza kukolola, poyera, kuti mwinimunda asapeze mpata wonong'oneza m'bale wake kuti bwera msanga anthu asanaone. Aliyense amene anaonapo mmene mayina a olandira thandizo amalembedwera m'midzi mwathu, mlamu wa uyu, mdzukulu wa uje, avomereza kuti aphunzitsi amenewa akanakhoza kukhala pa bwalo lililonse la kwathu kuno. Ndipo anawonjeza kuti osauka a mitundu ina asaletsedwe kukunkha, pofuna mtendere.

Za mtolo woiwalika pali kankhani kamene ndimakakonda m'mabuku awo omwewo. Munthu wina wopembedza anaiwala mtolo m'munda, ndipo atazindikira anatuma mwana wake kukapereka nsembe mokondwera. Mwanayo anadabwa kuti chosangalatsa n'chiyani pamenepa. Bamboyo anayankha kuti malamulo ena onse munthu amawasunga mwadala, koma ili lokha silitheka mwadala; ukafuna kulisunga sungathe, limachita kukugwera. Taganizani lamulo la Mulungu limene limadalira kuiwala. Mlimi waluso kwambiri, amene sagwetsa kanthu, amene amawerenga mitolo kawiri, sangalisunge.

Apa mpamene lamuloli limawombana ndi nzeru za masiku ano. Ife timaphunzitsidwa, ndipo n'zoona, kuti zokolola zambiri zimawonongeka ndi anankafumbwe, chinyontho ndi makoswe, ndipo alangizi amachita bwino kulimbana nazo. Koma chiphunzitsochi chikakula chimabala mtima wakuti njere iliyonse imene sinalowe m'thumba langa ndi chitayiko. Mose akuti ayi. Pali kutaya kumene kuli kupusa, monga kudyetsa anankafumbwe, ndipo pali kutaya kumene kuli chakudya cha munthu wina.

Mbiri ikuwonetsa kuti eni mphamvu, a mbali zonse, lamuloli silinkawasangalatsa. Ku England anthu osauka anakunkha m'minda kwa zaka mazana ambiri, ndipo m'midzi ina munkalira belu lodziwitsa nthawi yoyamba ndi yoweruka, kuti amayi a ana aang'ono asapezeke atatsala. Mu 1788 mlimi wina, James Steel, anasumira Mary Houghton, mkazi wa wosoka nsapato wa m'mudzi wa Timworth ku Suffolk, chifukwa cholowa m'munda mwake kukakunkha. Khoti linagamula kuti palibe munthu amene ali ndi ufulu wokunkha m'munda wa wina, ponena kuti ufulu wotero sugwirizana ndi tanthauzo la umwini, pakuti mwini chinthu ayenera kudyerera yekha. Woweruza mmodzi, Gould, anatsutsa anzake ndipo anatchula malamulo a Mose, koma anagonja. Anthu anapitirizabe kukunkha m'midzi yambiri, koma kuyambira pamenepo kunali kukoma mtima kwa mlimi, kumene akanatha kukuchotsa tsiku lililonse.

Wina anganene kuti ndiwo mavuto a chuma cha aliyense payekha. Koma taonani ku Soviet Union, kumene minda inalandidwa kwa eni ake n'kukhala ya onse. Pa 7 Ogasiti 1932 boma la Stalin linakhazikitsa lamulo loteteza katundu wa boma ndi wa minda ya gulu, chilango chake kuwomberedwa kapena zaka zosachepera 10 m'ndende. Anthu analipatsa dzina lakuti lamulo la ngala, chifukwa ambiri amene anamangidwa nalo anali anthu anjala ogwidwa akutola ngala zotsala m'minda yokololedwa kale, ndipo izi zinkachitika pamene njala inkapha anthu mamiliyoni ku Ukraine ndi ku Kazakhstan. Mlimi wa ku Suffolk anati zonse n'zanga, boma la ku Moscow linati zonse n'za dziko, ndipo mayi wowerama m'chiputu anathamangitsidwa konsekonse.

Ife sitinachite kuphunzira kukunkha m'Baibulo. Mawuwo analipo kale m'chiyankhulo chathu, n'chifukwa chake omasulira sanavutike kuwapeza. Ndili mwana, kumudzi kwa agogo anga aakazi, mtedza ukakumbidwa n'kututidwa munda unkakhala wa aliyense. Ana, nkhalamba, amayi amene munda wawo sunachite bwino, onse ankalowa ndi timakasu totha n'kumafukula mtedza wotsalira m'nthaka. M'minda ya chimanga tinkagudubuza mapesi pamene panali mikukwe kufuna tizisononkho tokhala ndi njere zochepa. Palibe ankapempha, palibe ankathokoza. Tsiku lina ndinapeza phando lathunthu la mtedza losakumbidwa, ndipo ndinathamangira kwa agogo kukawauza kuti olemba ganyu awabera ntchito. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Iwe, ukakumba wonse, enawo akadya dothi?" Agogowo sankadziwa kuwerenga. Levitiko anali m'khasu mwawo.

Ndikudziwa zimene mlimi wa lero angandiyankhe, ndipo sindikuzipeputsa, chifukwa inenso ndimalima. Choyamba anena za akuba. Masiku ano anthu akugona m'minda kulondera chimanga, ena akukolola chisanaume n'kukachiyanika pakhomo, chifukwa ukachedwa sabata imodzi upeza mapesi okhaokha. Ukalola anthu kulowa m'munda mwako kuti akukunkha, mawa abwera usiku, njira aidziwa kale. Nkhawa imeneyi ndi yoona. Koma lamulo la Mose silinasokoneze kukunkha ndi kuba. Vesi lotsatira pompo, Levitiko 19:11, likuti usabe. Deuteronomo 23:24-25 akulola wodutsa m'munda wa mnzake kudya mphesa mpaka kukhuta ndi kubudula ngala ndi dzanja, monga anachitira ophunzira a Yesu tsiku la Sabata lija, koma akuletsa kulowetsa m'dengu kapena kutenga zenga. Malire analipo, ndipo anali omveka kwa onse. Ine ndikuona kuti pamene khomo lololedwa latsekedwa, wanjala sasiya kumva njala. Amangosintha nthawi yobwera. M'njala ya 2002 tinaona kumene zimathera: anthu ogwidwa ndi chimanga chachiwisi chochepa ankamenyedwa, kutemedwa, ena kuphedwa kumene ndi anansi awo. Mudzi umene unali ndi mawu akuti khunkha unatsala ndi mawu amodzi okha, akuti wakuba.

Chachiwiri n'cholemera kuposa choyamba. Boazi anali mwinichuma, wa antchito ndi kapitawo. Mabanja ambiri kwathu kuno amalima malo osakwana hekitala imodzi, feteleza anagula ndi ngongole, ndipo chimanga chawo chimatha Khirisimasi isanafike. Kuuza mayi wotere kuti asiye mizere ya m'mphepete n'kumuseka, pakuti iyeyo ndiye Rute. Apa ndikuvomera. Ndipo n'chifukwa chake zimandipweteka kuti ulaliki wa masika umalunjika kwa mayi yemweyu, kuti abweretse chakhumi cha matumba ake 5, pamene lamulo limene linalembedwa kuti limuteteze silitchulidwa. Komanso chakhumi chimene timachikonda chija chili ndi mbali imene timailumpha. Deuteronomo 14:28-29 akuti chaka chachitatu chilichonse chakhumi chisapite ku malo opatulika, chisungidwe m'mudzi momwemo kuti Mlevi, mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye adye akhute. Ndi mipingo ingati imene matumba a masika a chaka chachitatu amatsala m'mudzi?

Za ulesi sindichedwapo. Amene akuti khunkha limalimbikitsa ulesi sanaweramepo kuyambira m'mawa mpaka madzulo kutola ngala imodziimodzi.

Funso lenileni ndi lakuti Boazi wa lero ndani, ndipo m'mphepete mwa munda wake ndi pati. Alipo a minda ikuluikulu, ya mtedza, soya, chimanga cha mbewu, amene akatha kukolola amalowetsa thirakitala kapena moto tsiku lomwelo, mlonda ali pachipata. Tilipo ife a m'tauni amene timabwereka maekala 10 kumudzi, kubwera ndi lole pokolola, kusesa zonse mpaka mapesi, n'kubwerera osadziwa ngakhale dzina la mayi wokhala m'malire. Alipo a zigayo ndi ogula mbewu. Madeya amene kale munthu ankangotapa, lero ali ndi mtengo chifukwa nkhumba ndi nkhuku za malonda zikuwafuna. Alipo a masitolo ndi malo odyera amene chakudya chikatsala amachithira m'bini n'kutseka ndi loko. Sindikunena kuti onsewa ndi oipa mtima. Ambiri ndi opereka kwambiri kutchalitchi. Ndikuti onse anaphunzira kukolola mpaka m'mphepete, kenako n'kupereka kuchokera m'thumba, pa nthawi yawo, kwa munthu amene amusankha.

Ndipo kupereka kwake tikukudziwa. Ndinapitako ku mwambo wina wogawa ufa kwa okalamba, wokonzedwa ndi gulu la mpingo wina m'tauni. Agogo anafika 8 koloko m'mawa monga anauzidwa. Alendo olemekezeka anafika dzuwa litapendeka. Panali malankhulidwe, panali nyimbo yothokoza imene okalambawo anaphunzitsidwa, kenako aliyense anaimitsidwa atanyamula kathumba ka makilogalamu 5 kuti ajambulidwe, ndipo pofika madzulo nkhope zawo zinali pa Facebook. Gogo wina amene sanalembedwe m'kaundula anabwezedwa. Sindikukayika kuti ufawo unathandiza. Koma tsiku lonse limene gogo anakhala padzuwa kudikira kujambulidwa ndi lofanana ndi tsiku limene Rute anakhala m'munda, kungoti Rute anabwerera ndi ndowa yodzaza ndipo sanaimbire munthu nyimbo.

Okunkha sanathe, anangosamuka. Pitani ku mtaya wa zinyalala wa Mzedi ku Blantyre mukaone anthu akuthamangira galimoto ikamakhuthula. Pitani kumsika madzulo mukaone ana akutola tomato wophwanyika ndi masamba a kabichi, kapena amayi akusesa njere pamene mavenda amayezera chimanga. Akuchita ntchito ya Rute, koma popanda lamulo lowatchula, popanda nthawi yoikika, popanda wouza anyamata kuti asawakhudze.

Kodi zotere zingalembedwe m'malamulo a dziko lamakono? France inayesa. Mu 2016 inakhazikitsa lamulo loletsa masitolo akuluakulu, oposa masikweya mita 400, kuwononga chakudya chosagulidwa chimene chikadali chodyeka, ndipo linawakakamiza kupangana ndi mabungwe othandiza anthu kuti azichitenga. Ku Israel bungwe lalikulu lopulumutsa chakudya limatchedwa Leket, mawu a Chiheberi omwe aja otanthauza khunkha, ndipo limatumiza anthu kukathyola zotsala m'minda ya alimi. Zimenezi sizifika pa lamulo la Mose, chifukwa wosauka akulandirabe kudzera m'manja mwa bungwe. Koma lamulo la ku France lagwira mfundo yaikulu: pali gawo la katundu wako limene ulibe ufulu wolitaya kapena kulitsekera, ngakhale unaligula ndi ndalama zako.

Kwathu kuno sindikudikira Nyumba ya Malamulo. Mafumu amaika kale tsiku lomasula ziweto kuti zilowe m'minda anthu akatha kukolola. Ngati mudzi ungathe kugwirizana tsiku la mbuzi ndi ng'ombe, ungathenso kugwirizana kuti masiku angapo ziweto zisanalowe, moto wa osaka mbewa usanayatsidwe, minda yokololedwa ndi ya okunkha, masana, popanda zikwanje, ndipo wowathamangitsa akayankhe kubwalo. Obwereka minda ochokera m'tauni auzidwe zimenezi tsiku lomwe akulipira lendi. Ndipo mlaliki wa masika, asanawerenge Malaki, ayambe wafunsa eni matumba akuluakulu ali kutsogolowo ngati m'minda mwawo mwatsala kanthu.

Ndanena kuti inenso ndimalima, ndiye ndisabise. Chaka chatha ndinabwereka maekala 3 n'kudzala mtedza. Mitengo inali bwino, ndipo nditaona kuti nthaka inauma msanga, mtedza wambiri unaduka n'kutsalira pansi, ndinalemba anyamata anayi kuti abwerezenso munda wonse ndi makasu. Anatola ndowa 6. Ndinawerengera pa foni, ndinachotsa ya ganyu, ndinaona kuti ndapindula. Tsiku lachiwiri, anyamata ali pa mizere yomaliza, ndinaona mayi wina wachikulire atakhala pa chulu cha m'malire, kakhasu kali pambali, kathumba ka shuga kopanda kanthu kali m'manja. Sanalowe. Anadikira mpaka titamanga matumba, ndipo pamene ndimakwera galimoto anayandikira, anawomba m'manja mwaulemu n'kufunsa kuti, "Bambo, mwamaliza? Tingalowe?" Ndinati lowani, mayi. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti m'mundamo simunatsale kanthu.